Mbuzi Yotchedwa Sekondale

1. Chingwe m'manja

Tsiku limene bambo ake a Talandira ankanyamuka kukagwira ntchito kuesiteti ya fodya ku Kasungu, sadasiye ndalama pakhomo. Adasiya mbuzi. Idali yaikazi, yofiirira, ya banga loyera pamphumi, ndipo adaitcha Sekondale. Anthu a m'mudzimo, kuseri kwa mapiri a ku Kasakula, adaliseka dzinalo mpaka misozi, koma mwini wake sadaonetse ndi dzino lomwe.

Adaitana Talandira, mwana wawo woyamba amene adali Sitandade 8, namuika chingwe m'manja.

"Mwananga, undimvere bwino. Ine sindidaphunzire, n'chifukwa chake ndikupita kukasenza fodya wa eni. Mbuzi iyi si ya ndiwo, si ya maliro, si ya alendo. Ikaswa, ana akewo ndiwo yunifolomu yako, ndiwo makope ako. Amayi ako ali ndi munda, sangaone zonse. Ukailekerera n'kufa, usadzandifunse za sukulu. Ndakusiyira ziwiri, mbuziyi ndi mlongo wako Elia. Pobwera ndidzazipeze zonse zili moyo."

Talandira adagwada n'kuvomera. Mawuwo tsiku limenelo adamveka opepuka. Kusamala mbuzi ndi kamnyamata ka Sitandade 2, chovuta n'chiyani?

Eliayo adali mwana wosakhala pansi. Akangoweruka kusukulu ankathamangira kudambo kukagwira nkhanu ndi kusambira m'madzi odikha a kumunsi. Nsapato ankaziona tsiku la Mulungu lokha. Mimba yake idali yotuluka, mikono yowonda, ndipo nthawi zina ankakodza magazi. Anzake adamuuza kuti kumeneko ndiko kukula, iye n'kumanyadira. Kunyadira matenda, abale!

Mvula itafika pachimake njala idalowa m'mudzi monga ichitira chaka ndi chaka. M'nkhokwe mudatsala zitsononkho, banja linkadya kamodzi patsiku, madzulo. Ndiye paja mvula ikakuona litsiro sikata. Sekondale nayo idayamba kudwala. Inkatsegula m'mimba, ubweya udaimirira, nthiti zidaonekera. Talandira ankaimangirira pamsipu wobiriwira, koma iyo inkangonunkhiza n'kugona pansi. Mtsikanayo adada nkhawa kwambiri, moti m'kalasi ankayang'ana pabolodi koma maganizo ali kuchingwe.

2. Mawu a bambo a Reinford

M'masiku omwewo kusukulu kudafika a Reinford, mlangizi wa zaumoyo wa m'deralo, bambo wa imvi woyenda panjinga yakapalasa yopanda mabuleki. Ana mobisa ankawatcha a Sambani-m'manja, poti nkhani yawo inkakhala yomweyo paliponse, ngakhale pamaliro. Tsikuli adabwera ndi mapiritsi a njoka za m'mimba ndi a likodzo, ndipo ana onse adawasonkhanitsa pabwalo la mpira.

"Ana inu, lero musandiseke, mundimvere. Mapiritsi awa ndabwera nawo dala tsopano, chifukwa kutsogoloku kukubwera katemera wa taifodi, matenda aja otentha thupi amene amatha kuboola matumbo. M'thupi mwanu muli asilikali okutetezani ku matenda. Katemera ali ngati mphunzitsi. Amabwera kudzawaonetsa asilikaliwo nkhope ya mdani, kuti tsiku limene mdaniyo adzafike adzamuzindikire msanga. Tsono njoka za m'mimba n'zochenjera. Kuti zikhale m'mimba mwako zaka ndi zaka osathamangitsidwa, zimawanyengerera asilikali aja kuti aziwodzera. Nanga mphunzitsi akalowa m'kalasi n'kupeza ana akuwodzera, amva zingati? Amva ndithu, koma zochepa.

"Anthu ofufuza akhala akuyeza magazi a ana a m'tauni ndi a kumudzi atalandira akatemera ofanana. Kawirikawiri akupeza kuti kwa ana a kumudzi chitetezo sichikwera ngati cha anzawo aja. Sikuti a m'tauni adabadwa ndi magazi abwino kuposa inu, ayi. Ambiri a iwo amamwa madzi a pampopi, amavala nsapato, sasamba m'dambo. Ife kuno timaponda dothi la mazira a njoka tsiku ndi tsiku, ndipo kadyedwe kathu mukukadziwa nokha. Zifukwa zonse sizidadziwikebe, koma njoka akuzikayikira kwambiri. Ndiye tichotse njoka kaye, katemera adzapeze m'nyumba mosesa. Amene alavule piritsi lero sakupusitsa ine, akudzipusitsa yekha."

Atatha adafunsa kuti ndani sadadye kanthu chidzukire, poti mapiritsi a likodzo amazunguza mutu ndi kusanzitsa munthu akamwa ndi njala. Manja adakwera ambirimbiri, a Talandira ndi Elia omwe. A Reinford adapukusa mutu. Lamulo lidali loti mwana amwere pamaso pawo, koma ufa wa phala pasukulupo udali utatha kalekale, ndipo m'mawa mwake ankayembekezeka kusukulu ina kuseri kwa phiri.

Ndiye adasankha ana akuluakulu amene ankawadziwa, nawapatsa kuti akamwere kunyumba atadya. Talandira adamukulungira papepala, ake ndi a Elia. Adamuuza kuti iye samukayikira n'komwe, poti ndi mwana wakhalidwe, woimba kwaya kutchalitchi.

3. Njoka ndi njoka

Pofika kunyumba anawo adapeza amayi awo ali kuganyu, koma pachikhomo cha Sekondale pataima a Dave. Amenewa adali venda wa mbuzi, munthu wa pakamwa potsekemera, amene nyengo ya njala ankazungulira m'midzi n'kumagula ziweto ngati akutola.

Adaikoka chikope mbuziyo naonetsa Talandira mmene m'kati mudayerera. Adati zimenezi ndi njoka, ndipo mbuziyi siidzafika nthawi ya dowe, kuli bwino aigule iwo isadafe. Talandira adakana kuti bambo adaletsa, nafunsa ngati pali mankhwala. A Dave adaseka kuti mankhwala a ziweto ali kuboma, ndipo kumeneko sapita munthu chimanjamanja. Kenaka maso awo adagwera papepala lija. Akadakhala chete, mbuzi ikadakhala yawo mawa lake, koma bambowa sankatha kusunga nzeru m'kamwa, ankafuna aliyense adziwe kuti iwo ndi odziwa.

"Nanga zimenezo si zomwe akugawa kusukulu? Iwe, njoka ndi njoka basi. Ya munthu, ya mbuzi, mankhwala ake ndi amodzi. Ochenjera amatero. Kungoti a mwana mmodzi sangakwane, mbuzi ili ndi zifu zambiri."

Atachoka, Talandira adakhala pakhonde pepala lili m'manja. Uku mbuzi ikupuma movutika, uko Elia akuthamangitsa ziwala, akuseka. Wodwala adaoneka ndani pamenepo? Katemerayo adali wa kutsogolo, mapiritsi adzabweranso chaka chamawa, koma Sekondale ikafa ndiye kuti yafa ndi sukulu yomwe.

Kwa a Reinford sikudali kutali, kungotsika chitunda n'kuoloka mtsinje. Akadapita kukafunsa, kapena akadadikira amayi ake. Koma ankadziwiratu chimene akadamuyankha, n'chifukwa chake sadafune kufunsa. Paja safunsa adadya phula.

Poyamba adati apereke ake okha. Elia atamva adalumphalumpha, nati ake omwe apite, poti anzake amene adamwera kusukulu adati n'ngowawa ngati ndulu. Talandira adazengereza, koma pang'ono chabe. Adaphwanya mapiritsi onse ndi supuni, nawasungunula m'kabotolo. Elia yemweyo ndiye adaikhalira mbuzi pamsana n'kuikanula kukamwa ndi timanja take, akufa nacho chiseko poona mmene inkapukusira mutu. Mlongo wake adathira mpaka dontho lomaliza.

"Usakauze amayi," adatero Talandira. "Ikadzaswa, mwana woyamba ndi wako."

Madzulo amayi atafunsa za mapiritsi a kusukulu, onse awiri adati amwa.

4. Mlendo wa nsapato

Koma zinthu zake! Sekondale idachira. Idayamba kudya ngati ikubwezera, ubweya udasalala, ndipo anthu akukolola idali itatenga bere. Talandira adadziona wochenjera kuposa a Reinford ndi njinga yawo yomwe.

Katemera uja adafika kutayamba kuzizira. Ana adandanda pamzere, Elia adabayidwa pamkono nalira pang'ono. A Reinford, amene ankayang'anira mzerewo, adamufunsa Talandira ngati mapiritsi aja adamwedwa. Iye adagwedeza mutu movomera akuyang'ana pansi. Mayeso adali pafupi, ndipo nkhaniyo idakwiririka m'makope.

Patchuthi chachikulu kudabwera azakhali awo a Eveline ochokera ku Kawale, mumzinda wa Lilongwe, ndi mwana wawo Promise, wa msinkhu umodzi ndi Elia. Promise adali wa masaya odzaza, wovala nsapato ngakhale popita kuchimbudzi. Nayenso adali atabayidwa katemera yemweyo kusukulu kwawo. Anyamata awiriwo ankaonetsana pamene padalowa jakisoni, aliyense akulumbira kuti iye sadalire.

Nyengo imeneyo mjigo wa m'mudzi udali utawonongeka, ndipo anthu ankatunga pachitsime cha kudambo. A Eveline ankawiritsa madzi a mwana wawo, mpaka amayi a m'mudzi ankawajeda kuti tauni yawalowa m'mutu. Koma mwana ndi mwana. Akapita kosewera, Promise ankamwa pachitsime pomwepo, chikho chimodzi ndi Elia.

M'tchuthi momwemo zotsatira za mayeso zidatuluka, ndipo dzina la Talandira lidali m'gulu la osankhidwa kupita kusekondale. Amayi ake adalulutira mpaka mawu adasasa. Talandira adathamangira kukhola, nakumbatira mbuzi yake m'khosi. Tsiku limenelo adali wokondwa kuposa masiku onse a moyo wake, koma chimwemwecho sichidakhalitse.

5. Thupi lotentha

Elia adayamba ndi mutu, kenaka thupi lidatentha. Amayi adati ndi malungo, nagula mankhwala pagolosale. Mankhwala adatha, thupi osazizira. Mwana wosakhala pansi uja adangogona pamphasa maso ali kudenga, osafuna ndi phala lomwe. Promise ankakhala pambali pake ndi galimoto ya mawaya imene adapanga limodzi, akumunyengerera kuti adzuke. Promiseyo adali bwinobwino, osadandaula ndi mutu womwe.

Talandira ankawayang'ana awiriwo, ndipo mawu a pabwalo la mpira aja adayamba kumubwerera limodzilimodzi. Adachita mantha. Komabe za mapiritsi sadaulule, ankangopemphera kuti akhale malungo.

M'mawa wina Elia adakuwa atagwira pamimba. Amayi atakhudza adapeza mimba ili gwa. Adaitana njinga yamoto ya kabaza, namunyamula kupita kuchipatala, Talandira ndi azakhali ake akutsatira pambuyo.

Dokotala wake adali mayi wachikulire wolankhula mosathamanga. Atamupima, adati zonse zikuloza ku taifodi, ndipo akuopa kuti matumbo abooka. Adati mwanayo ayenera kupita kuchipatala chachikulu ku Lilongwe kukachitidwa opaleshoni, komanso adzafunika magazi, chifukwa ake atsala ochepa kwambiri.

A Eveline ndiwo adapsa mtima. Adafunsa kuti nanga katemera uja adali wa chiyani, poti ana onse awiri adabayidwa, madzi adamwa amodzi, koma lero wina akusewera wina akufa. Dokotala adawayang'ana mosakwiya.

"Mayi, katemera ameneyu ndi wabwino. Wateteza ana ambiri, mwina ndi wanu yemwe. Koma palibe katemera amene amatseka khomo osasiyako mpata. Komanso amagwira ntchito ndi thupi limene walipeza. Wanuyo adamupeza wokhuta, wopanda njoka. Uyu taonani maso ake kuyera. Likodzo lakhala likumutha magazi, ndipo m'mimbamu sindikukayika kuti muli njoka. Sindingalumbire kuti n'chifukwa chake wadwala, mwina akadadwalabe. Koma mwana wotere amalowa m'nkhondo atatopa kale. Ndiye tikamalimbikira za mapiritsi aja a kusukulu sikuti tasowa zochita. Anthu amawapeputsa poti ndi aulere, ena amataya, ena amasunga m'denga. Tikumana nawo kuno zinthu zitafika apa."

Amayi ake a Elia adadabwa. Adati koma mwanayu mapiritsiwo adamwa, natembenukira kwa Talandira kuti awachitire umboni. Talandira asadatsegule pakamwa, namwino adalowa n'kunena kuti ambulansi yafika, afulumire.

Akumukweza, Elia adatsegula maso nafunafuna mlongo wake. Mawu ake adali otsika moti Talandira adachita kuwerama kuti amve.

"Achemwali, Sekondale yaswa? Paja woyamba ndi wanga."

Chitseko chidatsekedwa. Amayi ndi azakhali adakwera momwemo, atamuuza Talandira kuti abwerere akasamale pakhomo, Promise ndi mbuzi, ndipo kuti bambo awaimbira kale foni. Mtsikanayo adaima pamsewu mpaka fumbi lidatha, kenaka adayamba kukwera chitunda akulira.

6. Mapasa

Kutacha Sekondale idaswa, ndipo idaswa mapasa. Woyamba adatuluka ndi banga loyera pamphumi ngati make. Anansi adabwera kudzaona, akuti Mulungu samana zonse, taonani mwayi wa mwanayu. Talandira adawapukuta tianato ndi udzu, nawasendeza kubere, koma mumtima mbuziyo adaida. Adaida kunenepa kwake, adaida ndi dzina lake lomwe.

Dzuwa lili pamutu bambo ake adatulukira, fumbi lili mbuu, chikwama chili paphewa. Adangodzera pakhomo kudzatula katundu kuti apitirire ku Lilongwe kukapereka magazi. Adali atawonda, nkhope ili yakugwa. Talandira adawalandira mogwada, nawauza za ambulansi ndi za opaleshoni, iwo akungogwedeza mutu.

Kenaka kamwana ka mbuzi kadalira kukhola. Bambowo adapita kukasuzumira, ndipo kwa kanthawi nkhope yawo idawala. Adati potsika minibasi pa Kasakula adakumana ndi a Dave, amene adangowafuulira patali kuti mbuzi yawo idatsala pang'ono kufa nthawi ya mvula, akathokoze mwana wawo.

"Mwananga, usalire. Za Elia si mlandu wako, matenda sagogoda pakhomo. Pa ziwiri zija ndidakusiyira, ichi wachisunga ndithu, ndipo kusekondale upita. Tandiuza, udaipatsa chiyani kuti ichire chonchi?"

Talandira adayang'ana kamwana ka banga loyera kaja kakuyamwa, kakugwedeza mchira. Akadati masamba a m'tchire, akadati mchere ndi phulusa, bambo ake akadakhulupirira, ndipo Elia sakadamuulula. Koma bodza lija lidali litamulemera kokwana.

"Mankhwala a Elia, bambo. A njoka aja adatipatsa kusukulu. Sadamwe ndi limodzi lomwe."

Bambowo adayang'ana mbuzi, adayang'ana mwana wawo, chikwama chidatsetsereka paphewa n'kugwera m'ndowe za pakhola, iwo osachitola.

Nthawi yomweyo foni idayamba kulira m'thumba la malaya awo. Adaitulutsa. Adali amayi ake a Elia, akuimba kuchokera kuchipatala. Bambowo adaliyang'ana dzinalo nthawi yaitali, foni ikulirabe, kenaka adatambasula dzanja kwa Talandira monga adachitira tsiku lomupatsa chingwe lija.

"Yankha ndiwe."